Malo ogona ku Likoma: abwino kwa banja la ana aang'ono

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tinabwera kuno pa holide ya mu Ogasiti, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu, kuchokera pa Chitakale ku Mulanje.

Ulendo wake ndi wautali, musanamizidwe. Tinadzera ku Limbe mpaka ku Monkey Bay, n'kukwera sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Miyezi imeneyi kumawomba mwera, ndiye mafunde anali aakulu, ndipo wamng'ono wathu anachita mseru. Tengani mankhwala ndi majuzi, usiku pamadzi pamazizira. Titatsika tinapeza anyamata a pamalopa akutidikira kale, anatinyamulira zikwama ndi mwana yemwe anali atagona.

Chomwe ndikuwayamikira kwambiri ndi momwe anasamalira ana. Ana athuwa madzi omwe ankawadziwa ndi a pa Dziwe la Nkhalamba, ozizira ngati a m'firiji, ndipo mtima wanga unali m'mwamba poganiza za nyanja. Gombe la pano ndi la mchenga, madzi oyera mbee, ndipo sayamba kuya msanga. Achimwene ena ogwira ntchito pompo ankakhala nawo pafupi nthawi yonse yosambira, osayang'ana foni ayi. Anawaonetsa pomwe ayenera kulekezera, anawabwereka magalasi oonera pansi pa madzi, ndipo mwana wathu wamkulu anatuluka akukuwa kuti "Amayi, nsomba zabuluu!" Zinali mbuna, zija zimakhala m'miyala. Ine ndinatha kukhala pansi pa mlambe mtima uli m'malo, mapiri a ku Mozambique akuoneka patsidya, poti chilumbachi n'cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a dzikolo.

Anatipezeranso munthu wotiperekeza ku tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's ku Chipyela, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Pitani nawoni ana, kukula kwake pakachilumba kotere n'kodabwitsa.

Zipinda ndi zaukhondo, bedi lililonse lili ndi neti yosang'ambika. Nsomba ankaphika bwino, makamaka kampango, ndipo ana analawa kondowole ngakhale anabwerera ku nsima ya ufa woyera. Mitengo ya chakudya ndi yokwererapo, ndiwo zamasamba n'zosowa, chifukwa zambiri zimachita kubwera pa boti. Mukanyamule zanu zokhwasula m'kamwa, komanso ndalama za pamanja poti netiweki imadukaduka.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi chifukwa cha majekete oteteza kumira. Omwe alipo ndi a akuluakulu okhaokha. Tinkafuna kuzungulira chilumba pa boti, koma sindikanalola mwana wa zaka zisanu kukwera atavala jekete lomuvuka. Tinasiya ulendowo, ana analira. Eni malo, chonde gulani ang'onoang'ono, mabanja ngati ife tikubwera ambiri.