Ndemanga: miyezi 8 m'kalabu ya judo ya pa yunivesite kwa munthu wongoyamba kumene

Ndinalowa m'kalabu ya judo ya pa yunivesite yomwe ndikuphunzira kuno ku England kumayambiriro kwa Okutobala, ndili ndi zaka 29, ndisanavalepo chovala cha masewerawa, komanso ndisanathamangepo mtunda wooneka chimalizire sekondale. Ndakhala ndikupitako kawiri pa sabata kwa miyezi 8, kupatula masabata atatu omwe ndinavulala, ndipo tsopano ndikhoza kufotokoza zimene munthu wosadziwa kanthu amalandira akapereka ndalama zake, ndi zimene salandira. Dzina la yunivesite sinditchula, popeza ndili ndi madandaulo angapo, pomwe oyendetsa kalabuyi ndi ophunzira anzanga amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka.

Nkhani ya ndalama ndi yaifupi. Masiku awiri oyamba ndi aulere, ndipo amakubwerekani malaya ochitira masewerawa. Mukakhutira mumalipira umembala wa chaka, womwe kwa ine unali mapaundi 60. Chimene sanandiuze pa tsiku lolembetsa ndi chakuti palinso chiphaso cha British Judo Association, bungwe loyang'anira judo kuno lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo popanda chiphasocho simungayesedwe mayeso a lamba kapena kulowa mpikisano. Si kuba ayi, koma wophunzira amene akuwerengera paundi iliyonse ayenera kumva zimenezi asanalembetse. Chovala, chomwe amachitcha judogi, ndinagula cha kaunjika kwa mnyamata amene amamaliza maphunziro, pa mapaundi 15. Ndi chathonje lokhuthala kwambiri, chimafupika mukachichapa m'madzi otentha, ndipo nthawi yozizira chimatenga masiku awiri kuti chiume m'chipinda, kotero kuti wopita kawiri pa sabata ayenera kuchichapa usiku womwewo.

Masabata atatu oyamba tinkaphunzira kugwa, ndipo pa zonse zimene ndinalipira, gawo limeneli ndi lomwe ndikuliyamikira kwambiri, ngakhale kuti pa nthawiyo ndinkaona ngati akutichedwetsa. Kugwa kumeneku amakutcha ukemi. Mumayamba mutagona chagada, kenaka mutakhala pansi, kenaka mutanyonyomala, ndipo pomaliza mutaimirira, nthawi zonse chibwano chili pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, uku mukumenya mphasa ndi mkono wonse pa nthawi yomwe msana ukufika. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wa lamba wakuda, ankabwereza chinthu chimodzi mpaka chinatilowa m'mafupa: munthu akamagwa amathamangira kutsamira chikhatho, ndipo m'menemo ndi momwe dzanja, chigongono kapena phewa zimavulalira. Analetsa mnyamata wina wamphamvu, wosewera rugby, kugwetsedwa ndi aliyense kwa sabata yathunthu chifukwa chakuti ankatukula mutu mochedwa. Mnyamatayo anakwiya, koma ine ndinayamba kumukhulupirira mphunzitsiyo kuyambira tsiku limenelo.

Phindu lenileni la kugwa ndinalimvetsa mochedwa. Munthu woopa kugwa amauma thupi lonse, amawongola mikono ngati mitengo kuti mnzake asamuyandikire, ndipo potero salola mnzakeyo kuphunzira, naye saphunzira kanthu. Tsiku limene ndinasiya kuopa mphasa ndi tsiku lomwe anthu anayamba kundisankha kuti ndikhale mnzawo poyeserera, pomwe kale ankandizemba mwaulemu.

Kugwetsa koyamba komwe tinaphunzira ndi o-goshi, komwe mumakoleka mkono kumsana kwa mnzanu, kutembenuka, kupinda mawondo kuti chiuno chanu chikhale pansi pa chake, kenaka n'kumudutsitsa pachiunopo. Ine ndinakulira kumudzi komwe anyamata tinkalimbana pamchenga kudambo mbuzi zikudya, ndipo ndinabwera ndi maganizo akuti wamphamvu ndiye amagwetsa. Mtsikana wina wa lamba wa bulawuni, wofika m'phewa mwanga, anandigwetsa kasanu motsatizana popanda kupuma movutikira, ine ndikulemera makilogalamu 84. Anandifotokozera kuti kugwetsa kuli ndi magawo atatu, kuzushi, tsukuri ndi kake, ndiko kuti kumuchotsa munthu pomwe wapondera, kulowa pamalo oyenera, ndi kumaliza, ndipo anati ongoyamba onse amathamangira gawo lachitatu osachita loyamba. Anali kunena zoona: ukamukoka munthu mpaka kulemera kwake kufike ku zala zakuphazi, amapepuka modabwitsa. Chizolowezi china cha kudambo chomwe ndinavutika kusiya ndi kugwira miyendo, chifukwa malamulo a mpikisano masiku ano salola kugwetsa munthu pomugwira mwendo ndi dzanja, ndipo mphunzitsi ankandiwomba padzanja nthawi iliyonse likatsika.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndicho muyeso wa kalabu iliyonse yolandira alendo, chomwe ndi randori, kulimbana kwaufulu komwe aliyense amayesa kugwetsa mnzake. Pano ndi pomwe munthu wodziwa angathe kukuswani kapena kukulerani. M'teremu yoyamba a malamba akuda ndi a bulawuni ankatitenga ife atsopano, ndipo tikalowa bwino, ngakhale mochedwa, ankalola kugwa. Sankadzigwetsa okha monga momwe munthu amachitira ndi kamwana. Ukalakwitsa ankakuseseratu phazi n'kukugoneka pansi mofatsa, atagwirabe mkono wa malaya ako kuti usafike ndi mphamvu. Mmodzi wa iwo, wophunzira zaudokotala, anandiuza kuti Jigoro Kano, yemwe anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882 m'chipinda cha mphasa 12 pakachisi wa Eishoji, anali mphunzitsi wa sukulu, ndipo imodzi mwa mfundo zake ziwiri zikuluzikulu, jita kyoei, imanena za kupindula pamodzi kwa iwe ndi mnzako. Mawu otere amalembedwa pamakoma a makalabu ambiri, koma ine ndinawakhulupirira chifukwa munthu amene akanatha kundigwetsa m'masekondi awiri anasankha kugwa kakhumi kuti ine ndimve momwe o-soto-gari, kugwetsa posesa mwendo wa mnzako cha kunja, imamvekera ikalowa bwino.

N'chifukwa chake zimene zinachitika m'teremu yachiwiri zinandiwawa. Titabwerako ku tchuthi cha Khirisimasi, maso onse anatembenukira ku mpikisano wa mayunivesite womwe umakonzedwa ndi BUCS, bungwe loyendetsa masewera a mayunivesite kuno. Odziwa anayamba kusankhana okhaokha, kuchita randori ya mphindi 4 monga pampikisano, ndipo ife tinkasiyidwa pakona tikubwereza zomwe tinaphunzira mu Novembala popanda wotiwongolera. Sindikuwaimba mlandu chifukwa chofuna kupambana, koma ndalama ya umembala ndi imodzimodzi kwa onse, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi atsopano tinalandira theka la zomwe tinalipira. Choipa kwambiri chinali chakuti mu Januwale kunabweranso gulu lina la atsopano, lomwe silinapatsidwe masabata atatu a ukemi monga ife, koma linangosakanizidwa ndi ife. Ongoyamba awiri akamalimbana okha ndi pomwe ngozi imakhala, popeza wogwetsa sadziwa kugwira ndipo wogwa sadziwa kufika. Pa anthu oposa 30 omwe tinayamba limodzi mu Okutobala, pofika Isitala tinatsala 7, ndipo ambiri anasowa m'masabata amenewa.

Pali zina zing'onozing'ono zomwe zimadya phindu. Mphunzitsi wodziwa uja amabwera Lolemba lokha. Lachinayi amatsogolera ndi ophunzira, ena aluso pophunzitsa, ena aluso pa judo pokha, zomwe si chinthu chimodzi. Holo ndi yobwerekana ndi a badminton, kotero pa mphindi 90 zomwe tapatsidwa, pafupifupi 20 zimathera pa kuyala ndi kuchotsa mphasa, zomwe ndi zolemera, za mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mphasazo zilibe chozipanira m'mbali, ndipo pakati pa masewera zimatalikirana n'kusiya mipata. Mu Febuluwale chala changa chachikulu chakuphazi chinalowa mu mpata wotere ndikutembenuka, ndipo ndinatsimphina masabata atatu. A komiti anapepesa ndipo tsopano amaimitsa masewera kuti tikankhe mphasa, koma vutolo linali lodziwika kale ine ndisanavulale.

Pali nkhani ina yomwe mnzanga wa ku mpingo anandifunsa, ndipo ndikuganiza kuti ena akwathu angafunsenso: kuwerama. Timawerama polowa pamphasa, poyamba ndi pomaliza, komanso kwa mnzathu tisanagwirane. Palibe pemphero kapena kupembedza kulikonse, ndipo kwa munthu amene analeredwa kuti anyonyomale kapena kugwada popereka moni kwa akulu, mwambo umenewu sudabwitsa. Anzanga achizungu ndi amene ankaoneka omangika nawo. Za ukhondo amakhwimitsa moyenera: zikhadabo ziyenera kukhala zazifupi, ndolo ndi mphete zimavulidwa, ndipo simuponda pamphasa ndi nsapato kapena kupita kuchimbudzi opanda patapata. Mukangoyamba kulimbana pansi, mutu wanu uli m'khwapa mwa munthu amene wakupanikizani ndi kesa-gatame ndipo mukuwerenga masekondi 20 omwe amamupatsa chipambano, mumayamikira kuti lamuloli lilipo. Macheza a pambuyo pa masewera amachitikira kumalo omwera mowa, ndipo ine amene sindimwa ndinapitako kangapo ndi chakumwa chozizilitsa kukhosi popanda wondikakamiza, ngakhale kuti zambiri za kalabu zimakambidwa kumeneko, kotero wosapitako amamva mochedwa.

Kumeneko ndi komwe wina anandifunsa ngati ku Malawi kuli judo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinayankha mokayika. Iye anatulutsa foni n'kundionetsa dzina la Harriet Bonface, yemwe anaimira Malawi pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo m'gulu la amayi la makilogalamu 48, mumzinda womwewo momwe judo inalowera m'masewerawa koyamba mu 1964. Kuyambira tsikulo anasiya kundiona ngati munthu wochokera kudziko losadziwa mphasa, ndipo ine ndinataya chowiringula chomwe ndinkadalira ndikagwetsedwa.

Mayeso a lamba amachitikira m'kalabu momwemo, ndipo ndi achilungamo. Pa dongosolo la kuno wamkulu akachoka pa lamba woyera wa ongoyamba amalandira wofiira, kenaka wachikasu, wa olenji, wobiriwira, wabuluu ndi wa bulawuni asanafike pa wakuda. Ndinalandira wofiira mu Disembala ndi wachikasu mu Meyi. Woyesa amatchula dzina la kagwetsedwe m'Chijapani, inu n'kuchita, choncho mawuwo muyenera kuwaloweza; ine ndinawalemba kuseri kwa kope la maphunziro anga n'kumawawerenga m'basi. Mnzathu mmodzi anabwezedwa chifukwa cha ukemi yosalongosoka ngakhale kuti ankagwetsa bwino kuposa tonsefe, ndipo palibe amene anadandaula.

Kwa amene akuganiza zolowa, ndikuti lowani, koma lowani mu Okutobala, osati mu Januwale, ndipo pa masiku awiri aulere aja musayang'ane momwe a malamba akuda akugwetserana, koma muyang'ane ngati akusiya anzawo n'kubwera kudzaima pamaso pa munthu wa lamba woyera. Funsaninso masiku omwe mphunzitsi weniweni amabwera, ndi mtengo wa chiphaso. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi pa teremu yoyamba ndi ziwiri pa yachiwiri. Ndalipira kale umembala wa chaka chamawa, ndipo pa msonkhano wa pachaka ndinapempha kuti m'nyengo ya mpikisano munthu mmodzi wa lamba wa bulawuni azisinthana ndi anzake kukhala pakona ya atsopano. Pempholo linavomerezedwa ndi mavoti ochepa, ndipo popeza ndine ndinalibweretsa, andipatsa ntchito yolemba ndandanda wa osinthanawo komanso yoyang'ana mipata ya mphasa Lachinayi lililonse.