Filimu ya zipolopolo kapena filimu ya phee, bandulo yanu muiphere iti?

Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima kuyambira tsiku la chinkhoswe cha msuweni wanga. Tinakhala pakhonde tikudikira nsima, ndiye mkulu wina amene anakhalako ku Ulaya zaka zingapo anafunsa mwana wa achemwali anga kuti iwe filimu imene umaikonda ndi iti, mwana mosangalala n'kunena kuti Black Panther, mkulu uja n'kupukusa mutu amvekere zimenezo si mafilimu ayi, ndi zidole za ana. Mwana anangozyolika osayankhulanso mpaka madzulo. Ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa inenso mafilimu amene mkuluyo amatama ndimawakonda, aja oyenda pang'onopang'ono, a zilankhulo zina owerenga mawu m'munsi, koma sindikuona chifukwa chochititsira mwana manyazi. Ndiye ndati ndiike mbali ziwirizi poyera anzanga, muone nokha kuti iyi imakupatsa chani ndipo imafuna chani kwa iwe.

Tiyambe ndi aja a Hollywood a ndalama zankhaninkhani. Awa amawapanga mwadala kuti munthu wa ku Ndirande, wa ku Seoul ndi wa ku Mexico onse amve nkhani ngakhale chilankhulo sakuchidziwa, n'chifukwa chake Avengers: Endgame ya 2019 inapeza ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni, dziko lonse linalipira. Ndipo ife ambiri tinakulira momwemo, mu vidiyo sho ya mabenchi, TV ya chogo ili pamwamba pa tebulo, jenereta ikulira kuseri, mayina a mafilimu atalembedwa ndi choko pakhomo. Chizungu sitinkamva koma ekita tinkamudziwa, mkulu wa adani tinkamudziwa, ndipo nyumba yonse inkakuwa limodzi ekita akadzuka atamenyedwa. Ubwino wake ndi womwewo, mumaonera gulu, ana ndi agogo omwe, ukatuluka mphindi zisanu kukapungula madzi pamoto ukabwera nkhani umaipezanso, ndipo pa foni ya sikirini yaying'ono zimaonekabe bhobho. Kuipa kwake nakonso tisabise. Mathero umawadziwa filimu isanafike pakati, ekita safa, akafa adzauka mu gawo lachiwiri, ndipo pakatha sabata ukafunsidwa kuti nkhani inali yotani umangokumbukira galimoto imene inaphulika basi.

Martin Scorsese, mkulu wopanga mafilimu wa ku America, ananenapo mu 2019 kuti mafilimu a Marvel, kampani imene inapanga Black Panther ndi Avengers, kwa iye ali ngati malo a zisangalalo aja okwera zozungulira, osati sinema. Anthu onyoza amakonda kubwereza mawu amenewa koma amasiya mbali ina, yoti iye yemweyo analemba kuti ambiri opanga mafilimuwa ndi anthu aluso ndithu, ndipo dandaulo lake lalikulu linali loti nyumba zoonetsera mafilimu zadzaza ndi mtundu umodzi wokha moti ena akusowa poonetsera. Dandaulo limenelo ine ndimalimva. Koma ndi mlandu wa eni makampani, si wa mwana wa Fomu 2 amene anaona anthu akuda ali mafumu pa sikirini akuyankhula Chixhosa n'kusangalala.

Tsono mbali inayi, aja amati arthouse, mafilimu opangidwa ndi ndalama zochepa amene amayendera m'mafesitivo a mafilimu ngati ku Cannes ku France kapena ku FESPACO ya ku Ouagadougou, Burkina Faso, imene inayamba mu 1969. Awa amafuna zambiri kwa iwe, ndinene mosabisa. Amafuna nthawi, amafuna foni uyiike kutali, magetsi akhalepo mpaka mapeto, ndipo maso azithamanga kuwerenga mawu m'munsi. Ndikupatseni chitsanzo chimodzi chimene chinandisintha maganizo. Pali filimu ya ku Belgium ya 1975 yotchedwa Jeanne Dielman, anaipanga mayi Chantal Akerman, yaitali kupitirira maola atatu, ndipo mu 2022 akatswiri olemba za mafilimu amene anafunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anaiika pa nambala wani. Mukudziwa zimene zimachitikamo? Mayi wamasiye akusenda mbatata, akutsuka mbale, akuyala bedi, akupukuta nsapato za mwana wake, kamera ili phee osasuntha. Ola loyamba ndinatsala pang'ono kuzimitsa. Koma chifukwa choti waona mayiyu akuchita chilichonse mwadongosolo lake osaphonya, tsiku limene mbatata zapsa mopitirira pamoto mtima umagunda ngati kwaphulika bomba, umadziwa kuti china chake chasokonekera mkati mwa munthuyu ngakhale sananene kanthu. Nditamaliza ndinakhala chete nthawi yaitali ndikuganiza za mayi anga, zaka zonse zija akudzuka mbandakucha kusesa, kutunga madzi, kupala moto, ndipo palibe anaionapo ntchito imeneyo ngati nkhani yoti n'kuiika pa kanema. Filimu ya zipolopolo sinandichititsepo zimenezo ngakhale kamodzi.

Koma si onse ochedwa amene ali ndi kanthu ayi. Alipo ena umakhala maola awiri kuonera munthu akuyang'ana pawindo, pamapeto wopanga filimuyo analibe choti anene, amangofuna kuoneka wozama. Ndipo apa ndi pamene matama amalowera, chifukwa munthu amaopa kunena kuti sindinamve kapena yandibowa, kuopa kuti anzake amuona ngati mbuli, ndiye aliyense amangogwedeza mutu.

Chinthu china chimene chimandidabwitsa ndi mawu oti mafilimu akunja. Kwa munthu wa ku America, yakunja ndi iliyonse yosakhala ya Chizungu, n'chifukwa chake zinali nkhani yaikulu mu 2020 pamene Parasite ya ku South Korea inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chizungu kupata Oscar ya filimu yopambana zonse. Nanga kwa ife? Rambo ndi wakunja, ya Chikoreya ndi yakunja, zonse zimachokera kutali. Azakhali anu amene amakhala pa Zee World madzulo aliwonse, kapena aja anatha ma CD a ku Nigeria mpaka kukalika, akhala akuonera za maiko ena zaka zambiri kuposa mkulu wa pachinkhoswe uja, kungoti palibe anawauza kuti zimenezo n'zonyaditsa. Mpanda umenewu anamanga ndi ena kwawoko, ife tangoutengera. Ndiponso ngakhale kwawoko mpandawo ndi wobowoka, filimu ya ku Japan ya Seven Samurai ya Akira Kurosawa ya 1954 imene onyoza amailambira ndi nkhani ya alimi osauka olemba ganyu ankhondo kuti awateteze kwa achifwamba, muli ndewu ya malupanga pamvula yoti vidiyo sho yonse ingaimirire, ndipo a Hollywood anaitenga n'kuipanganso ya makaubhoyi mu 1960, The Magnificent Seven.

Pali gulu lachitatu limene amati cult, mafilimu amene sanapangidwe bwino kwenikweni kapena sanagulidwe poyamba koma ali ndi anthu awoawo owakonda mpaka kufa nawo. Apa mpamene ndimafuna mumvetsere. Ku Wakaliga, dera la anthu wamba mu Kampala, Nabwana Isaac anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosafika madola 200, mfuti zosula okha, ndipo pamwamba pa filimu yonse pali munthu akuyankhula, kufotokoza, kuseka, kutcha anthu mayina. Azungu okonda mafilimu anaikonda zedi, anaionera mamiliyoni pa YouTube. Nanga si zomwezo zimene anyamata athu amachita akamatanthauzira mafilimu a Chitchaina ndi a Chiindiya m'Chichewa, aja timakaikitsa mu memore khadi kumsika? Ekita wa ku Hong Kong akuyankhula za ngongole ya kugolosale, agogo kumudzi akumva nkhani yonse osafuna wowawerengera. Zikachitikira ku Uganda n'kutamidwa ndi azungu zikhala luso, zikachitikira pa Mchesi zikhala zaumbuli? Ine izi ndimakana. Inde otanthauzira ena amaononga, amakuwa mpaka nyimbo ya filimu osamveka, ena amapeka nkhani yawoyawo yosiyana ndi imene ikuoneka, ndipo filimu ya phee ngati ya mayi wosenda mbatata ija ataiyankhulira pamwamba ndiye kuti aipha. Koma pa filimu ya karate, wotanthauzira waluso amaikometsa kuposa mmene inabwerera.

Ndiye mukandifunsa kuti nditenge iti, ine ndimayamba ndafunsa kuti muli ndi ndani ndipo mwatopa bwanji. Mwaweruka mochedwa, minibasi yakufinyani, ana ali pabalaza, tengani ya zipolopolo musadzimvere chisoni. Muli nokha Lamulungu masana, mutu uli bwino, yesani inayo, ndipo musayambire ya maola atatu ija, yambirani pafupi. I Am Not a Witch ya 2017 anaipanga Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, ndi nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula kamene akanamizira ufiti n'kukamangirira nsalu yoyera yaitali kumsana kuti kasauluke, muli Chinyanja moti malo ena simufunanso kuwerenga m'munsi, ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Kwathu kuno kuli Shemu Joyah, The Road to Sunrise ya 2017, nkhani ya amayi awiri oyendayenda mu Blantyre, imene inapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa. Amenewa sathamanga ngati a Hollywood koma nkhope zake, misewu yake ndi mavuto ake ndi zathu, ndiye kudekha kumabwera kokha.

Mwana wa achemwali uja ndinamuitana kwathu patapita masabata awiri. Tinayamba ndi Black Panther yake yomweyo, anandifotokozera zinthu zambiri zimene ine ndinaziphonya, za zovala ndi za mitundu ya anthu a m'filimumo, kenako ndinamuikira ya Shula. Mphindi makumi awiri zoyamba ankangotembenuka pampando, kenako anakhala bata. Itatha anandifunsa kuti amalume, nanga nsalu ija bwanji sanangoidula, poti panalibe womugwira? Tinakambirana funso limenelo mpaka achemwali anaimba foni kufunsa ngati mwana agone konkuno.