Mesa Verde: tenti ku Morefield ndi ulendo wa ku Balcony House

Mesa Verde ndi paki ya ku Colorado ku America komwe kuli nyumba zamiyala zomwe amwenye akale a Pueblo anamanga m'mapanga a m'matanthwe. Ulendo woyenda ndi ma ranger (oyang'anira pakiyi) ndikuwupatsa nyenyezi 5 zonse. Amene muli ku Colorado kapena mukudutsa cha ku Cortez ndi Durango, chonde musangoima pamwamba kujambula zithunzi nkumapita, gulani matikiti mulowe m'nyumba zenizenizo. Amagulitsa pa Recreation.gov kutatsala masiku 14 ndipo sachedwa kutha, mukazengereza mungoonera patali basi.

Tinagona ku Morefield Campground, malo ndi otakasuka bwino, pali tebulo ndi poyatsira moto, mashawa ali pafupi ndi kasitolo, m'mawa agwape amangodutsa pambali pa tenti osaopa munthu. Zakudya zonse muzitsekera m'galimoto usiku chifukwa kuli zimbalangondo, izi amanenetsa ndithu. Koma kuzizira abale, malowa ali pamtunda wopitilira mamita 2,000, masana dzuwa likuotcha koma likangolowa mphepo yake yolowa m'mafupa. Tenti ndi zofunda tinachita lendi pa shopu ina mtauni, amenewo ndi nyenyezi 2, zipi ya tenti inali yoonongeka kale ndipo ma sleeping bag opyapyala, tinagona titavala majekete. Onani katundu musanalipire.

Ku Balcony House, amodzi mwa malo a nyumba za m'mapangazi, ndi kumene ndalama yanga inagwira ntchito. Umakwera makwerero amitengo a mamita pafupifupi 10 kunsi kuli chiphompho, potuluka umakwawa ndi mawondo m'kanjira kopapatiza masentimita 46, ndiye ngati mumachita chizungulire pamalo okwera kapena mawondo amavuta sankhani Cliff Palace, nakonso kuli makwerero koma afupiafupi. Cliff Palace ndi yaikulu, zipinda pafupifupi 150 ndi ma kiva 23, maenje ozungulira omangidwa ndi miyala omwe ankachitiramo miyambo, zonsezi pansi pa thanthwe limodzi, zomangidwa cha m'ma 1200. Ukayang'ana kudenga kwa phangalo mwaye wa moto wawo ukadalipo wakuda bii, miyala yoperera chimanga ilinso pompo yokumbika pakati. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu pamwamba pa phiri, zomwezi timalima kwathu ku Malawi, koma iwo kumunda ankachita kukwera thanthwe pogwira timaenje tosema pamwala, ndinangoganiza za mayi wotsika pamenepo ndi mwana komanso zokolola, mtima unandiwawa.

Ranger wathu sanatithamangitse, ankayankha funso lililonse ngakhale la ana, ndipo anatikonza bwinobwino wina atafunsa kuti anthuwa anasowa bwanji. Sanasowe ayi, pofika cha m'ma 1300 anasamukira kum'mwera, ku New Mexico ndi Arizona, chilala chachikulu cha 1276 mpaka 1299 chinathandizira, ndipo zidzukulu zawo monga mitundu ya a Hopi ndi a Zuni zilipo mpaka lero, malowa ndi a makolo awo. Nchifukwa chake saloleza kukhudza makoma kapena kukhalapo, ndipo ine ndikugwirizana nazo kwambiri, anthu ena amafuna kutsamira khoma la zaka 800 chifukwa cha selfie.

Spruce Tree House, malo enanso a nyumba za m'phanga, ndi yotseka kuyambira 2015 poopa miyala yogwa, mumangoionera pamwamba. Kuchokera ku kampu kukafika ku Cliff Palace msewu ndi wokhotakhota, ikani ola lathunthu, thirani mafuta ku Cortez, tengani madzi ambiri ndi nsapato zogwira pansi osati masilipasi.