Ma headset oletsa phokoso: jenereta amaitha, mvula ayi

Mnzanga wandifunsa ngati agule ma headset ngati anga aja, ndiye ndati yankho ndiliike pano, enanso amve.

Batire likadali bwinobwino, Bluetooth sinandivutepo. Magetsi akazima aneba n'kuliza jenereta, ine sindiimva n'komwe. Kamaikolofoni kakunja kamatola phokosolo, ma headset n'kutulutsa lina lofanana nalo koma lotembenuzidwa, awiriwo n'kufafanizana. Si nzeru ya dzulo, Paul Lueg wa ku Germany anali atailembetsa kale mu 1936. Pa kulira kosasinthasintha, monga injini ya basi, imagwira zedi.

Pamene pandikwiyitsa ndi pa maikolofoni yolankhulira. Ali awiri, ndipo poyerekeza zimene aliyense wamva, makinawa amasankha mawu ochokera kukamwa kwanga n'kuchepetsa ena onse. M'chilimwe zinkayenda. Dzinja litafika, mvula ikangoyamba kuomba pa malata ndili pa Zoom, basi nkhani yatha. Amalimbana ndi mvulayo mpaka kudya mawu anga. "Ndatumiza lipoti" kumeneko kumafika "tumiza poti", abwana n'kumati, "Achimwene, mukuduka, bwerezani." Ndinkaganiza kuti ndi netiweki, mpaka ndinadzijambula pa foni n'kumvetsera. Mawu anga ankamveka ngati ndikulankhulira m'chidebe cha madzi, "s" ndi "ch" zonse zitasowa. Phokoso la mvula limafanana kwambiri ndi zilembo zimenezi, ndiye zimakokoloka limodzi.

China, mwana akalira pafupi kapena wogulitsa makala akakuwa panja, amamudutsitsa bwinobwino. Kwa makinawa munthu ndi munthu basi, sadziwa amene anawagula.

Masiku a dzuwa ndimawakonda, osanama. Tsiku la mvula ndimalakalaka kuwagulitsa.

Ndinabwerera kwa amene anandigulitsa uja, risiti ili m'manja. Anawavala m'shopu mwake, mwa zii, n'kuimbira mnzake. "Bwana, akumveka bwino awa." Nditafotokoza za malata anaseka, akuti walanti ndi ya zinthu zowonongeka, osati ya mvula. Zikopa za m'makutu nazo zayamba kusupuka, ndipo mtengo umene ananditchulira wa zatsopano unandibweza pakhomo pomwepo.

Ndiye mnzangayo ndamuuza chonchi: ngati nyumba yako ili ndi siling'i, gula, koma uyambe wawayesera panja pa shopu, pamsewu. Ngati ndi malata okhaokha ngati kwathu, ndalama imeneyo ndi yambiri kwambiri. Ine pakagwa mvula ndimangovala timahedifoni tawaya totchipa tija, maikolofoni n'kuigwirira pakamwa.