Ndemanga: chikwama chaulenje cha malita 80, chokhala ndi fulemu ndi posenzera nyama

Chikwama chaulenje musamachiyamikire polowa m'tchire. Polowa aliyense amayenda mwamatama, katundu ali wolongedzedwa bwino kunyumba. Chimadziwika potuluka, ntchafu ya nyama ili kumsana, mawondo akunjenjemera. Ichi ndachigwiritsa ntchito ku Flat Tops Wilderness, m'nkhalango ya White River kuno ku Colorado, m'dziko la America, komwe ndimapita ndi alamu anga mwezi wa Okutobala kukasaka elk, nyama yaikulu yonga mbawala, ya nyanga zanthambi. Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Amene simunafikeko kumalo otere, dziwani kuti lamulo la Wilderness Act la 1964 sililola galimoto, njinga yamoto, ngakhale yakapalasa kulowamo. Kumeneko ndi miyendo kapena hatchi basi. Ife mahatchi tilibe, ndiye chilichonse chodya, chofunda ndi chogonamo chimakwera pamsana. Malo ambiri ali pamtunda woposa mamita 3,000, ngati mukuyenda pansonga ya Sapitwa tsiku lonse, ndipo mpweya umaperewera moti ngakhale supuni yosafunika umayamba kuikwiyira.

Polongedza chimalandira katundu bwino. Pansi ndimaika thumba logonamo ndi zovala zosinthira, poti n'zopepuka ndipo sindizifuna mpaka usiku. Zolemera, monga chakudya, kachitofu ka gasi ndi madzi, zimakhala pakati mogundana ndi msana. Tenti timagawana, wina nsalu wina mapaipi. Pamwamba pamakhala jekete la mvula ndi la mphepo, chifukwa kumapiri kuno dzuwa la m'mawa limatha kusanduka chipale chofewa masana omwewo. Zipi yaitali ya m'mbali ndi yothandiza zedi: sefa ya madzi ndimaitulutsa pamtsinje osakhuthula chikwama chonse. Ndipo musanyengeke ndi kuyera kwa madzi a kumeneko, mumakhala tizilombo ta giardia totsegula m'mimba. Kathumba ka pachivindikiro ndimasungamo tochi yapamutu, laisensi, cholembera ndi mankhwala. Mipeni, chonolera, chingwe ndi matumba a nsalu oikamo nyama zimakhala m'kathumba kawokawo.

Koma chimene ndinalipirira ndalama zowawazo ndi posenzera nyama. Elk yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 300, ndipo malamulo a Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, salola kusiya nyama yodyeka kuti iwolere m'tchire. Miyendo yonse inayi ndi minofu ya msana ziyenera kutuluka, kaya kutali bwanji. Pachikwama ichi mumamasula malamba a m'mbali, thumba la chikwamacho limasiyana ndi fulemu, chimango cholimba chogunda kumsana, pakati pamatseguka mpata wokhala ndi nsalu yolimba pansi. Nyama mumaikhazika pamenepo, n'kubwezera thumba, n'kukoka malamba mpaka zonse zigwirane kuti nga! Katundu wolemera amakhala pafupi ndi msana, sakukokerani chagada, ndipo magazi sakhudza zofunda.

Alamu atagwetsa mphongo yawo m'chigwa chodzaza mitengo yakugwa, tinasenda tochi zili pamutu, n'kupachika matumba mumtengo kuti nyama izizire. M'mawa ndinanyamula ntchafu yonse ndi fupa lake. Kuti ndidzuke ndinachita kukhala pansi, kuvala malamba, n'kugwada, alamu akundikoka dzanja. Nditaimirira ndinamanga lamba wa m'chiuno, n'kukoka timalamba tiwiri tapamwamba pa mapewa, ndipo ndinamva kulemera kukuchoka m'mapewa kutsikira m'chiuno. Podumpha zipika katundu sanagwedezeke kapena kupendekera mbali imodzi. Ndinafika pagalimoto ntchafu zanga zikuyaka moto, koma mapewa opanda chilonda, manja osachita dzanzi. Chikwama changa chakale, cha anthu okwera mapiri wamba, chinkapindika ndi theka la katundu ameneyu. Apa pokha ndiye opanga ake anaganiza ngati alenje.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zomveka. Nsalu yake ndi yolimba koma yaphokoso, makamaka kukazizira. Ikakhudza nthambi imangoti khwaa, ndipo elk ili ndi makutu. Alamu anachita kundicheukira n'kunong'ona kuti, "Alamu, chivuleni chimenecho, mutithawitsira nyama." Zogwirira zipi n'zazing'ono, ndi magolovesi sungazigwire, moti ndinamangirirapo tizingwe tanga. Madzi amalowa m'misoko mvula ikakhalitsa, koma chophimba chake amagulitsa padera. Pamtengo umenewu chimenecho chinandipweteka mtima. Thumba logonamo muzilikulunga m'pulasitiki, chifukwa likanyowa usiku wa chisanu kumtunda uko, si nkhani ya kusowa tulo chabe, moyo umene uli pachiswe. Chomangira mfuti cha m'mbali chimagwira bwino paulendo wautali, koma kuti muisolole muyenera kuvula chikwama.

Palinso china choti opanga akanachiganizira. M'nyengo yosaka ndi mfuti, lamulo la Colorado limafuna kuti mlenje avale chovala cha olenji kapena pinki wowala chosachepera masikweya inchi 500, pamodzi ndi chipewa chooneka mbali zonse. Chikwamachi n'chotuwa ndipo chimaphimba msana wonse wa vesiti. Ine ndimachiveka vesiti ina ya olenji, ndipo tikasenza nyanga timazikulunganso nsalu yowala, nsonga zitaloza pansi. M'nkhalangomo muli alenje ena, ndipo sindifuna munthu aone nyanga zikuyenda pakati pa mitengo.

Kuchapa sikuvuta. Thumba limachoka pafulemu, ndimaviika m'madzi ozizira ndi soda, magazi amachoka. Musachedwe nako, fungo likalowa limaitana zimbalangondo kumsasa.

Ngati mumasaka pafupi ndi msewu n'kukagona kunyumba, chikwama ichi n'cholemera ndiponso chodula pachabe, gulani chaching'ono. Koma ngati mumagona m'tchire ndipo nyama idzatuluka pamsana panu, chiguleni. Musanalipire, yezani kutalika kwa msana wanu ndi kukula kwa chiuno, chifukwa malamba amabwera m'masaizi osiyana ndipo lamba wokhwepa amabwezera kulemera konse m'mapewa. Chikafika, ikani thumba la mchenga posenzera nyama paja, mukwere nalo zitunda kuyambira Julaye.