Ulendo wa ana asukulu ku Treasure Beach ndi uShaka: yambani mwaona tchati cha mafunde

Masukulu a ku Durban akafuna kutengera ana a Giredi 7 mpaka 9 kukaphunzira zamoyo za m'mbali mwa nyanja yamchere, malo amene amatchulidwa kawirikawiri ndi awiri: uShaka Sea World ku Point, ndi Treasure Beach ku Bluff, komwe bungwe loona za chilengedwe la WESSA limaphunzitsira ana pamatanthwe penipeni. Onse ndi abwino. Ngati ndalama ya basi ndi ya tsiku limodzi lokha, ife tikuti kumatanthwe m'mawa, ku uShaka masana.

Nkhani yagona pa kuphwa kwa madzi. Aphunzitsi ndi makolo amene anazolowera Nyanja ya Malawi amaiwala kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Madzi amaphwa kwambiri m'masiku a mwezi wathunthu ndi a mwezi watsopano. Masiku amenewo ku Durban amatsika mamita pafupifupi 2, cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa. Mukasankha tsiku pongoyang'ana kalendala ya sukulu, osaona tchati cha mafunde chosonyeza nthawi imene madzi adzaze ndi kuphwa, mukapeza zithaphwi zonse zamira, ana n'kumangothamangitsana pamchenga. Fikani kutatsala ola limodzi ndi theka kuti madzi aphweretu, ndipo akangoyamba kubwerera muchokepo.

Phunziro la pamatanthwe ndi lokoma chifukwa mwana amaona yekha mmene zamoyo zandandalikirana. Kumtunda, kumene mafunde amangowazako, kuli tinkhono ting'onoting'ono topirira dzuwa. Mukatsikirako mupeza ma barnacle ndi ma oyster atamatirira pamwala, kenako ma mussel ofiirira, ndipo m'zithaphwi muli nkhanu, tinsomba, ndere ndi ma sea urchin aminga. Konzeranitu mafelemu a paipi ya pulasitiki, masentimita 50 mbali iliyonse, limodzi pa ana asanu. Aike felemu kumtunda, pakati ndi kumunsi, awerenge zimene zili mkati, alembe ndi pensulo. Bolopeni pa pepala lonyowa salemba.

Chimene chimavuta kwambiri ndi nsapato. Mapatapata amaterereka pa ndere, ndipo zigoba za oyster zimacheka phazi ngati lumo. Mwana aliyense avale matenesi akale omanga zingwe. Wamkulu mmodzi akhale ndi ana osapitirira 10, ndipo pakhale wina amene ntchito yake ndi kuyang'ana kunyanja basi, chifukwa funde lalikulu limabwera ana ataweramira m'zithaphwi. Mphepo ikamaomba kuchokera kunyanja imabweretsa ma bluebottle, tizamoyo tabuluu toyandama pamadzi ngati timabaluni. Amaluma ngakhale atafera pamchenga, ndiye ana asawagwire. Wina akalumidwa, tsukani ndi madzi a m'nyanja osatikita, kenako muviike m'madzi otentha ndithu koma osawotcha khungu. Mwala uliwonse umene atembenuza aubwezere mmene unalili, apo ayi za pansi pake ziuma. Kutola zamoyo popanda chilolezo n'koletsedwa ndi lamulo, choncho mabotolo abwerere opanda kanthu.

Ku uShaka, komwe kunatsegulidwa mu 2004, ana amaona zimene pamatanthwe sangazipeze: mashaki, akamba am'nyanja, ma penguin ndi ma dolphin, ndipo matanki ambiri ali mkati mwa nyumba yomangidwa ngati sitima yomira. Kumeneku kuli nthambi ya maphunziro ya SAAMBR, bungwe lofufuza zamoyo za m'nyanja. Lembetsani gulu lanu pasadakhale kuti mupatsidwe wokuyendetsani. Kungolowa mwachigulu ana amadutsa matanki onse mothamanga, mafoni m'manja, osagwirapo kanthu. Komanso paki yosewerera m'madzi ya Wet 'n Wild ili pompo, ndipo mwana akangoona anzake akutsetsereka m'madzi, phunziro lathera pomwepo. Auzeni asanakwere basi ngati kusambira kulipo kapena ayi.

Mukakhala ndi tsiku lachiwiri, funsani a Ezemvelo, bungwe loteteza zachilengedwe m'chigawochi, za nkhalango ya m'dambo ya Beachwood Mangroves pamathiriro a mtsinje wa uMngeni, kumene kuli nkhanu za dzanja limodzi lalikulu ndi tinsomba todumpha pathope. Mvula ikagwa yambiri sabata imeneyo, yang'anani zotsatira za kuyeza madzi za khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, musanalole ana kuponda m'madzi, chifukwa kuchokera pa kusefukira kwa mu Epulo 2022 magombe ena akhala akutsekedwa kaamba ka E. coli, tizilombo tosonyeza kuti m'madzi mwalowa zonyansa za m'chimbudzi.