Catheter yolimba ya tomcat: ndi yotsegulira njira, osati yogonetsa m'thupi mwa mphaka

Catheter ya tomcat yopangidwa ndi polypropylene (pulasitiki yolimba) ndi kapaipi kowonda ka saizi ya 3.5 Fr, pafupifupi mamilimita 1.2, kotalika masentimita 11 mpaka 14. Madokotala a ziweto amakagwiritsa ntchito pa mphaka wamwamuna amene mkodzo wamutsekeka. Ife tikuti potsegula njira n'kabwino zedi, koma sikoyenera kusiyidwa m'thupi.

Ubwino wake wagona pa kulimbako. Chotseka njira nthawi zambiri chimakhala timchenga ta struvite (mchere wopangika mu mkodzo) tomatana ndi zonanda, cha kunsonga kwa chokodzera, ndipo kapaipi kofewa kamangopindika kakafika pamenepo. Sankhani kotseguka kunsonga, osati ka mabowo m'mbali, kuti madzi a saline (madzi amchere a kuchipatala) azimenya chotsekacho mwachindunji. Yambani mwayeza potaziyamu m'magazi, chifukwa akachuluka mtima umagunda mochedwa ndipo mankhwala ogonetsa angathe kupha mphakayo. Akagona, kokerani chokodzera kumbuyo molingana ndi msana kuti njira ya mkodzo, yomwe ndi yokhota, iwongoke, pakani mafuta oterera, n'kumalowetsa pang'onopang'ono uku mukupopa saline. Kakakakamira musakankhe, kamang'amba njira ya mkodzo.

Vuto limayamba njira ikatseguka, pakuti chikhodzodzo chimene kapaipi kakulowamo chimakhala chavulala kale. Kafukufuku wa pa makoswe ndi akalulu akuonetsa mmene zimakhalira. Chikhodzodzo chikadzaza mopitirira, khoma lake limatamuka n'kufinya timitsempha ta magazi, ndipo minofu imasowa okosijeni. Mkodzo ukatuluka magazi amabwerera mwamphamvu, n'kubweretsa kuvulala kwachiwiri kochokera ku ma free radical, tizinthu towononga maselo. Khungu la m'kati limasupuka, khoma limatupa ndi kukha magazi, minyewa yolamula kukodza imawonongeka, nyama yofinya mkodzo imalefuka. Njira ikakhala yotsekeka pang'ono kwa milungu, collagen (ulusi wolimba wopanga zipsera) amachuluka pakati pa minofu ndipo chikhodzodzo chimauma, osatamukanso bwino. Kukha magazi kuja ndiko kumachititsa kuti mkodzo woyamba uzituluka wofiira.

Ndiye taganizani khoma lotereli likufota n'kugwera pa nsonga yolimba, n'kumakhuzika nayo mphaka akangotembenuka. Kafukufuku wa mu 1980 pa amphaka anapeza kuti catheter ya polypropylene yosiyidwa m'thupi inkavulaza njira ya mkodzo ndi chikhodzodzo kuposa yofewa ya polyvinyl. N'zomvetsa chisoni kuti patapita zaka zonsezi ena amaisokererabe pomwepo chifukwa choti yalowa kale.

Njira ikangotseguka, tsukani chikhodzodzo ndi saline mpaka madzi atayamba kuyera, chotsani yolimbayo, muike yofewa ya labala yofiira kapena ya polyurethane ya 3.5 Fr. Isokereni pakhungu, ilumikizeni ku thumba lotsekedwa lokhala mmunsi mwa mphaka kuti mkodzo usabwerere, ndipo mumuveke kolala kuti asaizule. Kawirikawiri imakhala maola 24 mpaka 48. Muziyeza mkodzo: mphaka wabwinobwino amatulutsa mamililita 1 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse pa ola, koma wotsekulidwa kumene angathe kupitirira kwambiri, choncho dilipi izibweza madzi otayikawo.

Mukachotsa kapaipi, muzigwira pamimba pafupipafupi. Chikhodzodzo chachikulu, cholimba ndi chopweteka chikutanthauza kuti njira yatsekekanso. Chachikulu koma chofewa, chotulutsa mkodzo mukachifinya pang'ono, ndiye kuti nyama yake yalefuka, ndipo chisaloledwe kudzazanso mpaka mphamvu zitabwerera.